Funsani Tikuyankheni: Maimelo a akathyali osaka ndalama za pa foni

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: maimelo onamizira kuti achokera ku kampani ya foni, ku banki kapena kwa olemba ntchito, pomwe diso lili pa ndalama za mu Airtel Money, Mpamba kapena apu ya banki. Tasankhapo asanu ndi awiri. Mayina a olemba tawabisa, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

Ndimagulitsa zitenje ku Nsungwi, ku Area 25. Ndalandira imelo yokhala ndi chizindikiro cha kampani yomwe ndimasungako ndalama pa foni. Akuti chiphaso changa cha unzika chinatha ntchito, ndiye akaunti itsekedwa pakatha maola 24 ndikapanda kudina linki n'kulembanso zonse. Chiphasocho chinathadi, ndipo mpamba wanga wonse uli momwemo. Ndidine?
*Mayi wa geni, Area 25*

Musadine, mayi. Zoti akudziwa za chiphaso chanu zisakudabwitseni. Ziphaso zambiri zinatuluka pa kalembera wa 2017 wa NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika, chilichonse ndi tsiku lake lothera, choncho munthu akatumiza uthenga womwewo kwa anthu zikwizikwi amadziwa kuti ambiri awapeza pabala. Sakukudziwani inuyo. Wangoponya khoka.

Yambani ndi amene watumiza. Dzina looneka pamwamba pa imelo aliyense angathe kulemba lomwe wafuna, monga mmene munthu angalembere "Dokotala" pa chitseko cha nyumba yake. Mu apu ya Gmail dinani timawu takuti "to me" tomwe tili pansi pa dzinalo, adiresi yonse ituluka. Werengani zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Kampani yosunga ndalama za anthu siilembera makasitomala kudzera pa gmail.com, yahoo.com kapena outlook.com. Werenganinso chilembo chimodzichimodzi, chifukwa amakonda kuika nambala 1 pamalo pa l, kapena r ndi n zogundana pamalo pa m, moti "airte1" ndi "tnrn" pa kasikirini ka foni zimaoneka ngati mayina enieni. Koma adiresi ikaoneka yolondola musati basi zatheka, popeza nayo amatha kuipeka.

Linki ndiyo imaulula zambiri. Ikanikizeni ndi chala kwa masekondi awiri osachotsa, adiresi yeniyeni ya komwe ikupita ionekera. Kawerengedwe kake ndi aka: dumphani https://, yendani mpaka pa kamzere kopendekera koyamba, kenako bwererani kumanzere. Mawu awiri omalizira musanafike pa kamzereko ndiwo dzina la mwini tsamba, kapena atatu ngati adiresi ikuthera pa .co.mw. Tsamba la Airtel kuno ndi airtel.mw, la TNM ndi tnm.co.mw, la Reserve Bank ndi rbm.mw, la MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, ndi macra.mw. Ndiye mukaona zonga airtel.mw.konzani-akaunti.com, mwini wake ndi konzani-akaunti.com, ndipo dzina la kampani kumayambiriroko angolipachika ngati chikwangwani chobera. Malinki ofupikitsidwa, monga oyamba ndi bit.ly, amabisa komwe akupita. Kaloko kooneka pafupi ndi adiresi nako sikatsimikiza kanthu. Kamangotanthauza kuti zomwe mukulemba sizikuwerengedwa panjira, koma sikanena kuti wolandira ndani, ndipo mbava nazo zimakapeza ulere.

Mukanadina zikanayenda chonchi. Tsamba likanakufunsani nambala ya foni ndi PIN, n'kukuuzani kuti dikirani pang'ono. Nthawi yomwe mukudikirayo, wakuba amakhala akulowetsa nambala yanu mu apu yeniyeni pa foni yake. Kampani ikaona foni yachilendo imatumiza kodi pa SMS kwa inu mwini nambala. Tsamba labodza lija limapempha kodiyo, inu n'kuilemba. Apa ndi pomwe anthu anzeru zawo amakodwera, chifukwa SMS ya kodiyo imakhala yeniyeni, yochokeradi ku kampani. Bodza lili pa tsamba lomwe mukuilembapo. Za maola 24 zija ntchito yake ndi yoti muchite mantha, musapeze mpata wofunsa munthu.

Nkhani ya chiphaso kaikonzeni pamasom'pamaso ku shopu ya kampani, mutanyamula chiphasocho. PIN ili ndi malo ake awiri okha: pomwe mwaimba nokha *211# kapena *444#, ndi mu apu yomwe munaitenga nokha pa Play Store kapena App Store. Ngakhale wogwira ntchito ku kampaniko alibe chifukwa choifunsira.

Tionjezepo chimodzi. Malangizo akale oti imelo ya akathyali imadziwika ndi Chingerezi chophotchoka anatha mphamvu. Masiku ano makompyuta amawalembera Chingerezi chosalala, zizindikiro za kampani amangokopera pa intaneti, ndipo ena amalemba Chichewa chabwino kuposa cha pa zikwangwani za m'tauni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinatsegula imelo yokayikitsa n'kuiwerenga, koma sindinadine chilichonse. Mnzanga akuti andibera kale. Zoona?
*Mnyamata wa ku Chinsapo*

Ayi, achimwene, mnzanuyo wakuopsezani chabe. Kuwerenga imelo sikuchotsa tambala. Chomwe wotumiza angadziwe, kudzera m'tizithunzi tobisika, n'choti adiresi yanu ikugwira ntchito. Kuti ndalama zichoke pamafunika dzanja lanu: kulemba PIN kapena kodi, kuika fayilo yomwe atumiza, kapena kutumiza nokha ndalamazo. Musayankhe, ngakhale kuwatukwana, ndipo musadine "unsubscribe" mu imelo yotere, chifukwa nayonso ndi linki yawo. Dinani timadontho titatu tapamwamba, musankhe "Report spam". Pa kompyuta pali "Report phishing", yomwe ndi yoyenera kwambiri.

Ndine mphunzitsi. Lachisanu ndinalandira imelo yoti ndapata bonasi ya makasitomala akalekale. Ndinalemba nambala, PIN ndi kodi yomwe inabwera pa SMS. Pasanathe mphindi khumi, K180,000 ya fizi ya mwana inali itachoka. Sindinauze aliyense, ngakhale mayi a kunyumba. Pali chomwe ndingachite?
*Bambo wa ku Kawale*

Pepani kwambiri, aphunzitsi. Chilipo, koma tisakunamizeni: masiku amene adutsawa achepetsa mwayi. Akuba sasiya ndalama mu nambala yomwe zafikira. Amazigawa m'manambala awiri atatu n'kukazitapa kwa maejenti osiyanasiyana mwamsangamsanga. Kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa, koma iwo amagwiritsa ntchito malaini olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ena mwa iwo osadziwa n'komwe. Dzina lomwe laoneka pa uthenga wanu kawirikawiri silikhala la wakubayo, choncho musataye nthawi kulisaka pa Facebook.

Choyamba kuchita, lero lomwe, ndi kusintha PIN. Ikakana, ndiye kuti anaisintha kale iwowo, ndipo imbirani kampani pa nambala yake yothandizira makasitomala kapena pitani ku shopu, muwauze atseke kaye akauntiyo. Nambala yoimbira musaitenge mu imelo ija. PIN yatsopano isakhale chaka chanu chobadwa, 1234, kapena manambala anayi omalizira a foni yanu. Ngati PIN yomweyo ndi imene mumagwiritsa ntchito pa khadi ya ATM kapena pa apu ya banki, konsekonso sinthani. Malipiro a aphunzitsi amadzera ku banki, ndiye ngati akaunti ya bankiyo munailumikiza ndi foni, dziwitsani a banki msanga, popeza wakuba angathe kukoka ndalama kuchokera kumeneko tsiku la malipiro likafika. Pemphaninso sitetimenti muone ngati sanatenge ngongole ya pa foni m'dzina lanu. Izi ambiri amazizindikira mochedwa, ndalama yotsatira ikangolowa n'kudulidwa.

Umboni musaufafanize chifukwa cha ukali kapena manyazi. SMS yosonyeza kuti ndalama zatuluka ili ndi zinthu zinayi zomwe aliyense wofufuza adzafune: nambala ya tiranzakishoni, nambala yolandira, kuchuluka kwa ndalama, ndi tsiku ndi nthawi. Zikopereni papepala. Jambulani imelo ija adiresi ya wotumiza ikuoneka yonse, koma imelo yeniyeniyo isiyeni momwemo, chifukwa mkati mwake muli zizindikiro za njira yomwe inadzera zimene chithunzi sichisonyeza. Ku kampani pemphani kuti aone ngati mu nambala yolandirayo mwatsala kanthu koti n'kuimitsa, ndipo musachoke asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Popanda nambala imeneyo, ulendo wachiwiri mudzayambiranso kufotokoza kuchokera pachiyambi.

Kenako kapereni lipoti ku polisi. Mungayambire pa polisi ya kwanu ku Kawale konko, ndipo apolisi ali ndi nthambi ya Fiscal yomwe imaona milandu ya chinyengo cha ndalama. Kuba kotere ndi mlandu, ndipo pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lokhudza zochitika pa intaneti. Mukaona kuti dandaulo lanu silikuyenda, nkhani za ndalama za pa foni zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank, yomwe likulu lake lili ku City Centre, pomwe za malaini ndi SIM khadi ndi za MACRA. Ngakhale ndalama zitapanda kubwerera, lipoti lanu lingatseketse nambala yomwe ikanabera wina mawa.

Konzekeraninso ulendo wawo wachiwiri. Amene wabedwa kamodzi amamubwerera. Adzaimba wina wodzitcha wapolisi kapena bwana wa ku kampani, nkhani yanu akuidziwa bwino lomwe, n'kunena kuti ndalama zapezeka koma pakufunika ya mafuta kapena yotsegulira fayilo. Akuidziwa chifukwa ndi omwewo.

Mayi a kunyumba auzeni madzulo ano. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, komanso nambala yawo mwina ili kale m'manja mwa anthu amenewa.

Ndimagulitsa mafoni ogwirapo kale ntchito pa Facebook. Wogula wina akuti ali ku Mzuzu ndipo wanditumizira K260,000. Ndalandira imelo yoti ndalamazo zaimikidwa kaye mpaka nditumize risiti yosonyeza kuti foni yanyamuka, komanso ndilipire K20,000 yokwezera akaunti yanga kuti ikhale ya bizinesi. Akuti adzandibwezera. Akuimba mosalekeza.
*Wa geni ya mafoni, Biwi*

Foniyo isachoke m'manja mwanu. Ndalama za pa foni zilibe pakhonde podikirira kuti katundu anyamuke. Zafika kapena sizinafike, ndipo wodziwa ndi balansi yomwe mwafunsa nokha pa *211#, *444# kapena mu apu. Imelo, chithunzi cha pa WhatsApp, ngakhale SMS, zonsezi munthu amazipanga pa mphindi zochepa. SMS yabodza nthawi zambiri imachokera pa nambala wamba ya 099 kapena 088 m'malo mwa dzina la kampani, ndipo balansi yolembedwa kumapeto kwake siigwirizana ndi yanu, poti wolembayo sakuidziwa. Koma poti dzina la wotumiza nalo limapekeka, muyezo ndi balansi basi.

Zoti akaunti ili ndi malire n'zoona, ndipo bodza lawo amalimangira pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zikapyola malire a akaunti yanu, kutumizako kumakanika kwa wotumizayo ndipo ndalama zimatsala kwa iye. Palibe zoti wolandira alipire kaye ku nambala ya munthu kuti zitseguke. Kabedwe aka anakabwereka kunja, komwe ogulitsa pa intaneti akhala akupusitsidwa kwa zaka zambiri ndi maimelo onamizira PayPal, kampani yolipirira pa intaneti. Kuno angosintha dzina ndi mtundu wa chizindikiro.

Kabedwe komweka kali ndi abale ake awiri amene a geni ayenera kuwadziwa. Wina ndi wa "ndalakwitsa": uthenga ukuti mwalandira K300,000 pomwe mtengo unali K260,000, wogula n'kumachonderera kuti mubweze K40,000 yapamwambayo. Mukabweza, mwapereka yanu. Zikakhala kuti ndalama zalowadi molakwika, musazibweze ndi dzanja lanu. Muuzeni mwini wake adandaule ku kampani kuti iwo azibweze, chifukwa nthawi zina ndalamazo zimakhala zobedwa kwa munthu wina, ndipo mukazitumiza ku nambala yachitatu yomwe akupatsani, pa mabuku mumaoneka ngati mwathandizira kuzibisa ndinu.

Winayo ndi woopsa kwambiri chifukwa amachitika mukulankhula naye pa foni. Amati, "Ndikutumiza pompano, mukaona kauthenga kofunsa PIN mulembe kuti mulandire." Kauthenga kotulukira pa sikirini kaja ndi kenikeni, koma ndi kopempha kuti inu mulipire. Amakayambitsa polemba nambala yanu pa tsamba logulirapo zinthu kapena lobetchera. PIN ntchito yake ndi kutulutsa ndalama. Polandira siifunika, pa netiweki iliyonse. Kauthenga kotere kakabwera inu musanayambitse kanthu, dinani "Cancel". Maejenti nawo amve izi, chifukwa foloti yawo ndi imene akathyali amailakalaka koposa, ndipo amaitsata ndi nkhani yoti laini ya ejenti ikufunika kukonzedwa.

Wa ku Mzuzuyo muuzeni kuti foni idzapita ku depoti balansi ikakwera. Muona kuti kuimba kuja kutha kokha.

Ndinamaliza maphunziro ku Bunda chaka chatha. Imelo yabwera yoti bungwe lina lakunja landisankha kukachita intavyu ku City Centre, koma nditumize K35,000 yoyezetsera m'thupi pa nambala yomwe apereka. Panalinso fomu, ndipo poitsegula foni inandifunsa ngati ndikulola kuti iikidwe. Ndinalola. Ndalama sindinatumize. Ndapulumuka?
*Mtsikana wosaka ntchito, Area 36*

Mwapulumuka pa K35,000, achemwali, koma chomwe mwaikacho n'choopsa kuposa. Fomu yeniyeni imakhala fayilo yothera pa .pdf kapena .docx, ndipo imangotseguka. Yomwe imapempha kuikidwa ndi yothera pa .apk, kutanthauza pulogalamu ya Android. Amaitcha mayina onga fomu.pdf.apk kuti diso liime pakati, pomwe chofunika ndi chomalizira. Ikalowa imapempha chilolezo chowerenga ma SMS, ndipo kodi iliyonse yochokera ku banki kapena ku kampani ya foni imapitirira kwa mwini pulogalamuyo inu musanaione. Zina zimapempha chilolezo cha "Accessibility", chomwe anachipangira anthu olumala, koma chimapatsa pulogalamu mphamvu yoona zonse za pa sikirini ndi kudina m'malo mwanu.

Chitani izi motsatana. Zimitsani data ndi Wi-Fi, kapena ikani foni pa "Airplane mode", kuti pulogalamuyo ileke kulankhula ndi mwini wake. Tulutsani SIM muiike mu kafoni ka mabatani, ndipo musinthire mmenemo PIN ya ndalama za pa foni ndi ya banki. Musasinthire pa foni yodwalayo, chifukwa yatsopanoyo aionanso. Pasiwedi ya imelo sinthirani pa foni kapena kompyuta ina yomwe mukuikhulupirira. Mukatero bwererani ku foni yanu, lowani mu Settings, kenako Apps, muyang'ane pulogalamu yomwe simukuidziwa. Zina zimabisala ndi dzina longa "Update" kapena "Service", zina zilibe n'chithunzi chomwe. Batani la "Uninstall" likakana kudinika, ndiye kuti inadzipatsa udindo wa "Device admin". Lembani mawu amenewa posakira mu Settings, muichotse udindowo, kenako ichoka. Yang'ananinso mu Accessibility muzimitse chilichonse chachilendo, ndipo mutsegule Play Store muyendetse Play Protect. Mayina a malowa amasiyanako pang'ono pa Tecno, itel ndi Samsung, n'chifukwa chake posakira paja pamathandiza.

Ife tikanakonda mupitirire apo. Sungani zithunzi ndi manambala a anthu kwina, foniyo muichite "Factory reset". N'zotopetsa ndipo zimadya bandulo pobwezeretsa mapulogalamu, koma ndi njira yokhayo yomwe mungagone nayo tulo. Amakaniko a mafoni a ku Malangalanga angakuthandizeni, bola mukhale pomwepo ndipo PIN musawapatse.

Mapulogalamu monga AnyDesk ndi TeamViewer ali pa Play Store ndipo si akuba, koma ntchito yake ndi kulola munthu wakutali kuona kapena kuyendetsa foni yanu. Wina akakuuzani kuti muike imodzi mwa izi kuti akuthandizeni kulemba fomu kapena kukonza akaunti, mwamupatsa foni yanu m'manja.

Za ntchitoyo, dzifunseni ngati munalemberako kalata bungwe limenelo. Bungwe lenileni silitolera ndalama kwa ofunsira ntchito pa nambala ya munthu, ndipo kuyezetsa m'thupi kumabwera ntchito itapezeka, osati intavyu isanachitike. Mtengo wa minibasi kuchoka ku Area 36 kukafika ku City Centre kukafunsa pa geti sufika K35,000. Komanso pomwe mukumwaza makalata ofunsira ntchito, fotokope iliyonse ya chiphaso muzilemba mawu modutsa pakati pake, osaphimba nkhope, onena komwe ikupita ndi tsiku. Fotokope yoyera ndi imene ena amakalembetsera malaini obera anthu.

Mwana wanga ali ku Johannesburg. Imelo yomwe mdzukulu wandiwerengera ikuti watumiza katundu ndi ndalama, koma zagwidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndiye ndilipire K90,000 ya msonkho pa foni lero lomwe.
*Agogo a ku Lumbadzi*

Agogo, muimbireni mwana wanuyo pa nambala yomwe mumalankhulirana masiku onse, mumve mawu ake. Uthenga wolemba usakukwanireni, poti WhatsApp yake ingakhale kuti ili m'manja mwa wina. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko umapita ku MRA, bungwe lotolera misonkho, uli ndi mapepala ake ndi risiti ya MRA, ndipo sulipiridwa pa nambala ya foni ya munthu. Ndalama zochokera ku Joni kudzera ku makampani monga Mukuru, wolipira mtengo wotumizira ndi wotumizayo. Wolandira salipira kanthu kuti zimasulidwe. Mukapereka K90,000, mawa kubwera ya malo osungira katundu, mkuja ya satifiketi, mpaka mbuzi zithe m'khola.

Ndinayankha imelo yomwe inkaoneka ngati ya ku banki, ndipo ndinatumiza chithunzi cha chiphaso, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. PIN sindinapereke. Patapita masiku awiri foni yanga yasiya kugwira netiweki, pomwe ya akazi anga, ya kampani yomweyo, ikugwira bwinobwino m'nyumba momwemo. Zikugwirizana?
*Bambo wa ku Area 49*

Zikhoza kugwirizana, bambo, ndipo musadikire kuti muone ngati ibwerera yokha. Ndi zomwe munatumizazo munthu angathe kudzionetsa ngati ndinu, n'kunena kuti foni inatayika, kuti nambala yanu aiike pa SIM khadi yatsopano. Yatsopanoyo ikadzuka, yanu imafa nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo mafoni anu, ma SMS anu ndi makodi onse a ku banki amafikira kwa iye. PIN simunapereke, inde, koma ali ndi nambala ndi chiphaso, zomwe ndi zimene zimafunsidwa munthu akati waiwala PIN.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi zitatu. Zimitsani foni n'kuyatsanso. Ikapanda kusintha, ikani SIM yanu mu foni ya mayiwo. Ikakanabe, imbani nambala yanu pa foni ina. Ikamalira kwinaku SIM ili m'manja mwanu yakufa, kapena wina akayankha, nambala yapita. Ikapanda kulira musatsimikize kuti zili bwino, popeza wakubayo angakhale atazimitsa. Mulimonsemo pitani ku shopu ya kampani tsiku lomwelo ndi chiphaso chenicheni, mufunse ngati nambala yanu yasinthidwira pa khadi ina, liti komanso kuti. Muli m'njira, imbirani banki pa foni ya mayiwo kuti aimitse kaye zonse za pa foni ndi pa intaneti. Loko ya PIN ya pa SIM khadi imathandiza foni ikabedwa, koma pa kabedwe aka ilibe mphamvu, chifukwa khadi yomwe ikugwira ntchito ndi ina.

Nambala ikabwerera, ntchito yatsala pa imelo yanu, yomwe ambiri amaiiwala. Wokhala ndi nambala yanu angathe kusintha pasiwedi ya Gmail kudzera pa SMS, ndipo mu imelomo ndi momwe muli masitetimenti a banki ndi njira yosinthira mapasiwedi ena onse. Lembani nokha myaccount.google.com, lowani pa Security. Pa "Your devices" tulutsani foni kapena kompyuta iliyonse yomwe si yanu. Onani ngati nambala ndi imelo zobwezeretsera akaunti zikadali zanu. Sinthani pasiwedi, ikhale yaitali ndipo isakhale yomwe mumalowera pa Facebook. Yatsani "2-Step Verification", koma m'malo modalira SMS sankhani apu monga Google Authenticator, yomwe imatulutsa kodi ya manambala 6 yosintha pa masekondi 30 alionse, ndipo siidalira SIM khadi kapena netiweki. Pomwepo Google imaperekanso makodi 10 osungira, a manambala 8 iliyonse. Alembeni papepala muwasunge pamodzi ndi mapepala a nyumba, osati m'foni.

Pali kamsampha kena komwe kamatsalira ngakhale pasiwedi itasinthidwa. Wakuba akalowa mu Gmail amatha kuika lamulo loti imelo iliyonse yobwera izipitanso kwa iye, kapena loti za ku banki zizifafanizika zokha musanazione. Izi zimaoneka pa kompyuta: Settings, "See all settings", kenako "Forwarding and POP/IMAP" ndi "Filters and Blocked Addresses". Chilichonse chomwe simunaike nokha chichotseni. Mukadali pomwepo sakani mu "Sent" zithunzi za chiphaso, pasipoti ndi khadi ya banki zomwe munatumizirapo anthu m'mbuyomu, muzifafanize, kupatula imelo yopita kwa akathyaliwo, yomwe ndi umboni wanu.

WhatsApp nayo imatsata nambala. Ngati anailanda, ilembetseninso ndi kodi yomwe ibwere pa SIM yanu yatsopano, ndipo kwa iye itsekeka yokha. Kenako lowani mu Settings, Account, "Two-step verification", muike PIN ya manambala 6. Uzani abale, a kumpingo ndi a banki mkhonde kuti pempho lililonse la ndalama lomwe linachokera pa nambala yanu m'masiku amenewo silinali lanu, ndipo amene anatumiza kale apite ndi SMS yake ku shopu ya kampani akapereke dandaulo lakelake, chifukwa lipoti lanu silikhudza ndalama zomwe zinatuluka mu akaunti ya munthu wina.